Machesi pa mulu wa matisheti

Tsiku la msika pa Nsaru, mayi wogulitsa kaunjika anagwira dzanja bambo wina amene anasolola kaulusi pa tisheti n'kutulutsa machesi.

"Bambo inu, mwapenga kodi? Mukufuna kunditenthera katundu?"

"Tandisiyani mayi, ndikungoyesa kaulusika. Kakasanduka phulusa ndiye kuti ndi thonje, ndigula. Kakasungunuka ngati jumbo, sinditenga."

"Anzanu amasankha ndi maso! Yonyezimirayi sichedwa kuuma, sisuluka."

"Yonyezimira eti? Anandiuzanso choncho mnzanu wa ku Kasiya. Ine ntchito yanga n'kuwotcherera ngolo. Moto utandithethekera, tisheti imene anandigulitsayo inasungunuka n'kundimatirira pakhungu. Taonani pachifuwapa!"

"Phimbani, pano ndi pagulu! Ndiye mkwiyo wa ku Kasiya mudzaphwetsere ine? Aliyense akamasolola ulusi, ine ndigulitsa sanza?"

"Bola sanza, mayi. Mwezi wathunthu ndinkagona chagada, mwana wanga osamunyamula. Taonani, ndakayatsa kaulusi kaja, kasungunuka kale. Mwamva fungo lake?"

"Ndamva. Bweretsani kuno machesiwo."

"Kuti mutani nawo?"

"Mlongo wanga amawotcherera pa Namitete. Dzulo lomweli ndamupatsa ziwiri zoterezi."