Za Moto wa Kunkhokwe Sanalembe

M'mawa umenewo basi yopita kumanda inachedwa mumzinda wa Thunder Bay. Mayi Lorraine Kivela anakhala pabenchi atafumbata maluwa, miyendo itauma ndi chisanu, pamene bambo wina wosamudziwa ankawerenga nyuzipepala mokweza pambali pawo.

"Akuti tsiku ngati lero mfumu ina inalongedwa ufumu, sitima inamira, woimba wina anabadwa. Koma ndiye linachita zambiri tsikuli!"

"Za moto wa kunkhokwe ya tirigu alemba?" anafunsa mayiwo.

Bamboyo anayendetsa chala mpaka pansi. "Palibe, mayi."

"Ndinadziwa. Munapsera anthu asanu ndi awiri, amuna anga ali momwemo. Chaka choyamba pa tsiku lowakumbukira kumanda kunadzaza atolankhani, chachiwiri abusa okha. Kenako tinkangopita ife amasiye. Lero ndatsala ndekha; ena anatsogola, ena mawondo anakana."

"Pepani. Papita zaka zingati?"

"Makumi atatu ndi chimodzi. Nanenso ndatopa, bambo. Mwina uno ndi ulendo womaliza."

"Amuna anuwo dzina lawo anali ndani?"

Mayi Kivela anayang'ana maluwa aja.

"Arvo. Ankaseka ngati chitseko cha dzimbiri. Mukudziwa, chaka chonsechi ndi koyamba kulitchula pakamwa dzinali."