Mmene Chikuku Nambala 7 Chinatulukira

Ine, amene anthu onse amanditchula kuti Sipoko, mwamuna wa zaka 62, wokhala m'nyumba yachitatu kuseri kwa chigayo cha kumunsi kwa msika, ntchito yanga yokonza njinga, ndikunena izi pano pa polisi mwa kufuna kwanga, popanda wondikakamiza.

Ndili ndi kashedi kanga kokonzerapo njinga pa mphambano ya ku msika. Kuwonjezera apo, Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka ndimagwira ntchito pa kabungwe kobwereketsa zikuku ndi ndodo zoyendera kwa anthu olumala ndi okalamba. Kabungweka kali m'nyumba ya zipinda zitatu moyang'anizana ndi sukulu ya pulaimale. Woyendetsa wake ndi mayi amene anapuma pa ntchito ya unamwino. Timawatchula kuti a Nesi. Ogwira ntchito tilipo anayi: a Nesi, ine, mlonda wa pa geti, ndi amake mapasa, amene amasesa ndi kukolopa.

Zaka zitatu zotsatizana a Nesi ankalemba makalata opempha thandizo ku Thumba la anthu a m'dera lino, limene amasonkhamo eni mashopu, mipingo ndi anthu wamba, ndipo chaka chilichonse limagawira timabungwe ting'onoting'ono ngati kathu. Chaka chino ndi pomwe anatiyankha. Gawo loyamba la thandizolo linagula zikuku zatsopano khumi ndi ziwiri. Gawo lachiwiri, lolembera munthu wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, anati lidzabwera akadzaona kuti loyambalo layenda bwino.

A Nesi anatiwerengera malamulo a Thumba tonse tili pa khonde. Chikuku chilichonse chili ndi nambala. Chizipita kwa munthu yekhayo amene dzina lake lili pa mndandanda. Chisatuluke tsiku la mwambo wopereka lisanafike. Chinthu chikasowa, pakhale lipoti la ku polisi, ndipo malamulo akaphwanyidwa gawo lachiwiri likhoza kuimitsidwa. Ndinawamva bwinobwino malamulowo.

Zikukuzo zinafika Lachiwiri sabata yatha zili m'makatoni. Ndinazimanga ndine, ndipo manambala ndinalemba ndine ndi penti yoyera kumbuyo kwa chotsamira. Tinaziika m'chipinda chosungiramo katundu. Makiyi a chipindacho alipo awiri: wina ndimasunga ine, wina amake mapasa. Mwambo wopereka unali woti udzachitike Lachisanu la sabata yamawa.

Lachinayi lapitali ndinafika pa ntchito 7 koloko m'mawa. A Nesi kunalibe. Anali ataperekeza wodwala ku chipatala chachikulu. Cha m'ma hafu pasiti 7, ndili pa khonde ndikulumikiza ndodo yothyoka, ndinamva mlonda akuitana kuti, "A Sipoko, tabwerani kuno msanga!" Kuchokera pa khonde kukafika pa geti ndi mapazi ngati makumi awiri. Nditafika ndinapeza mayi atagwada m'mphepete mwa ngalande, manja ali pansi. Kumsana kwawo kunali mtsikana wamkulu, womangidwa ndi nsalu ziwiri, atavala yunifolomu ya ku sekondale, m'manja atagwira kathumba ka pulasitiki koonekera mkati, momwe munali zolembera ndi chiphaso cha mayeso.

Anthuwa ndimawadziwa. Mayiwo amagulitsa tomato pafupi ndi shedi yanga. Mwana wawoyo ali ndi zaka 19 ndipo miyendo yake siigwira ntchito chibadwire. Chikuku chake chakale chinathyoka felemu miyezi isanu yapitayo. Ndinachiwotcherera katatu, kachinayi chitsulo chinangoyoyoka ngati bisiketi. Kuyambira pamenepo amake akhala akumubereka popita ndi pobwera kusukulu, mtunda wa makilomita awiri ndi theka. Pa mndandanda wathu mtsikanayu ndi wa nambala 15, choncho zikuku khumi ndi ziwiri zija sizikanamufika.

Ine ndi mlonda tinamasula nsaluzo n'kumukhazika mtsikanayo pa mpando wa mlonda. Amake anayesa kuimirira kawiri, osatheka. Amake mapasa anabwera ndi madzi m'kapu. Mayiwo anamwa pang'ono, n'kunena kuti, "Mundimangirenso, tichedwa." Mtsikanayo anayankha kuti, "Amayi, basi. Ndidzalemba chaka chamawa." Mawu a anthu awiriwa ndikuwakumbukira ndendende.

Ndinafunsa kuti mayeso ayamba nthawi yanji. Anati 8 koloko, ndipo wochedwa ndi theka la ola saloledwa kulowa. Wotchi ya mlonda inali kunena kuti kwatsala mphindi makumi awiri. Kukafika ku holo ya mayeso kunali kutatsala kilomita imodzi ndi kanthu. Ndinaganiza zomukweza pa njinga yanga, koma iye sangathe kukhala pa kaliyala popanda chotsamira. Zikuku zakale zoyenda bwino zonse zinali kwa anthu. Chomwe chinalipo chimodzi chinalibe tayala lakutsogolo. Ndinaimbira a Nesi katatu pa foni ya mlonda. Foni yawo inali yothima.

Ndinapita ku chipinda chosungiramo katundu, ndinatsegula loko ndi kiyi wanga, n'kutulutsa chikuku chimene chinali pafupi ndi chitseko. Chinali nambala 7. Amake mapasa anali ataima pa khomo ndi mopu m'manja. Anati, "Achimwene, malamulo aja mwaiwala?" Ndinati sindinaiwale. Anandiyang'ana, kenako anasuntha ndowa yawo kuti ndidutse. Chikukucho sanachigwire.

Ndinapopa matayala, ndinakweza popondera mapazi chifukwa mtsikanayo ndi wamfupi, n'kumukhazikamo. Ndinamukankha ndekha kudzera njira ya kuseri kwa tchalitchi, mothamanga. Tinafika pa khomo la holo 8 koloko itadutsa ndi mphindi khumi. Woyang'anira mayeso anaona chiphaso, anachotsa desiki imodzi kutsogolo, mtsikanayo n'kulowa. Ine ndinakhala pa sitepe kwa kanthawi chifukwa mpweya unali utandithera.

Pobwerera ndinapeza amake a mtsikanayo atagona pa mkeka pa khonde lathu, amake mapasa akuwathowa msana ndi madzi otentha. Ndinafunsa kuti mapepala atsala angati. Anati atatu: Lachisanu, Lolemba ndi Lachitatu. Ndinawauza kuti chikukucho achisunge m'nyumba, asachionetse kwa anthu, ndipo Loweruka ndidzalankhula ndi a Nesi. Ndinauzanso mlonda ndi amake mapasa kuti nkhaniyi ndi yanga, ndidzainena ndekha. Ndinaweruka 4 koloko a Nesi asanabwere. Madzulo sindinawaimbire. Ndinkafuna kulankhula nawo maso ndi maso.

Lachisanu si tsiku langa pa kabungwe. Ndinapita ku maliro a mlamu wanga kutali ndi kuno, ndipo foni yanga inatha moto. Zimene zinachitika tsiku limenelo sindinazione. Ndauzidwa ndi mlonda ndi a Nesi. Akuti mayi wa ku Thumba, amene amayendera mabungwe olandira thandizo, anabwera mosayembekezeka kudzajambula zikuku pokonzekera mwambo. Anapeza khumi ndi chimodzi. Loko anali wosathyoka. Mlonda wa tsikulo anali wina wogwirizira, wosadziwa kanthu. A Nesi atafunsa amake mapasa, iwo anangoti, "Sindinatenge." Atafunsidwa kuti nanga watenga ndani, anakhala chete. A Nesi anabwera kuno ku polisi kudzapereka lipoti monga mwa malamulo a Thumba, ndipo apolisi anatenga amake mapasa chifukwa ndiwo anapezeka ndi kiyi. Anagona m'chitokosi. Mapasa awo, a zaka zisanu ndi chimodzi, anagona kwa aneba.

Lero Loweruka ndinafika pa ntchito 7 koloko. Mlonda wathu anandiuza zonsezi ndisanatsike n'komwe pa njinga. Ndinalowa mu ofesi ya a Nesi n'kuwafotokozera kuyambira pa ngalande mpaka pa holo. Anavula magalasi n'kuwaika pa tebulo. Anati, "Bambo inu, zaka zitatu ndikulemba makalata." Kenako anati, "Nanga mwanayo analemba?" Ndinati analemba. Anavalanso magalasi, anatenga chikwama chawo n'kunena kuti tiyeni.

Tinafika kwa mayi wa tomato cha m'ma 8 koloko. Chikukucho chinali m'chipinda chogona, chofunditsidwa ndi bulangete, matayala atapukutidwa. Atamva za amake mapasa, mayiwo anati tichitenge pompo, Lolemba amubereka mwanayo. Ankalankhula atagwira khoma. Mtsikanayo anati apita nawo ku polisi kuti akanene yekha zimene zinachitika. Tinamukhazika m'chikukumo, amake akutsatira pang'onopang'ono ndi ndodo imene a Nesi anawabwereka.

Panjira a Nesi anati tidzere kwa mwini wake wa nambala 7. Pa mndandanda, chikukuchi ndi cha bambo wina wokalamba wokonza mawotchi, amene anadulidwa miyendo yonse iwiri chifukwa cha matenda a shuga. Timawatchula kuti a Wotchi. Tinawapeza pa khonde lawo atakhala pa katoni, kagalasi kali pa diso. A Nesi anawauza kuti chikuku chawo ndi ichi, ndipo chayamba kuyenda iwo asanachikwere. A Wotchi anachotsa kagalasiko, anayang'ana chikukucho kuyambira ku matayala mpaka ku chotsamira, n'kufunsa mtsikanayo kuti, "Chikuyenda bwino, mdzukulu wanga?" Iye anati eya, agogo. Anafunsanso kuti mayeso atha liti. Anati Lachitatu. Iwo anati, "Ine ndadikira zaka zinayi. Lachitatu ndi pakhomo pompa. Koma ukalephera masamu udzandibwezere matayala anga." Anapempha pepala, analemba kuti iwo monga mwini wake akubwereketsa chikukucho mpaka Lachitatu madzulo, n'kusaina. Pepalalo ndalipereka kwa inu pamodzi ndi kiyi wanga.

Tinafika pano cha m'ma hafu pasiti 9. A Nesi anaimbira mayi wa ku Thumba, ndipo anabwera patatha theka la ola. Ndinanena pamaso pawo ndi pamaso pa bwana wa polisi wa pa kauntala kuti wotsegula chipinda ndine. Mayi wa ku Thumba anawerenga pepala la a Wotchi, anatembenuza chikukucho n'kuona nambala. Anandifunsa ngati ndinkadziwa kuti zimenezi zikhoza kuimitsa gawo lachiwiri la thandizo. Ndinati ndinkadziwa. Anafunsa ngati zitachitikanso ndingachite chimodzimodzi. Ndinati ndingatsegule, koma ndingaimbe foni madzulo omwewo. Anafunsa a Nesi kuti pa mndandanda pali anthu angati. A Nesi anati makumi atatu ndi mmodzi. Mayiwo analemba m'kabuku kawo. Anati iwo alibe mphamvu yogamula okha, komiti ikumana Lachiwiri, ndipo adzanena zonse, zoipa ndi zabwino zomwe. Anawonjezera kuti Thumba silikudandaula za kuba, popeza katundu wapezeka.

Bwana wa pa kauntala anati ngakhale zili choncho, lipoti linalembedwa kale, ndipo chikukucho chiyenera kutsala pano ngati umboni mpaka akuluakulu atseke nkhaniyi. Atanena zimenezo, mayi wa tomato anatsamiritsa ndodo yawo ku khoma, anamasula nsalu m'chiuno, n'kugwada chofulatira kutsogolo kwa chikukucho. Mtsikanayo anagwira mapewa awo. Bwanayo anaimirira n'kunena kuti, "Dikirani kaye, mayi." Analowa mu ofesi ya mkati ndipo anakhalamo mphindi ngati khumi. Atatuluka anajambula chikukucho ndi foni, kutsogolo, kumbuyo ndi pa nambala, n'kunena kuti, "Umboni uwu upite ukalembe mayeso. Ubwere Lachinayi."

Cha m'ma 11 koloko anatulutsa amake mapasa n'kuwabwezera nsapato ndi mpango wawo. Ndinaimirira, ndinavula chipewa, n'kuwauza kuti, "Achemwali, ndakulakwirani." Anati, "Munati mudzanena nokha. Ndimakudikirani." Ndinafunsa chifukwa chake sananditchule. Anati akanatchula, apolisi akanapita kukatenga chikukucho Lachisanu lomwelo, mwana ali pakati pa mayeso. Kenako anafunsa a Nesi ngati mapasa adya. A Nesi anati anawapititsira chakudya m'mawa. Amake mapasa anamanga mpango, anagwira zogwirira za chikukucho, n'kumukankha mtsikanayo kutuluka pa khomo. Ine apolisi anandiuza kuti nditsale ndipereke umboni uwu.

Ndikubwereza kuti zilembedwe bwino. Loko ndinatsegula ndine, ndi kiyi wanga, Lachinayi m'mawa. Palibe amene anandituma, ndipo palibe chimene ndinalandira. A Nesi sankadziwa. Mlonda anangondibwereka foni. Amake mapasa anandikumbutsa malamulo, ine sindinamvere. Ngati pali mlandu, ndi wanga. Ndikupempha kuti pepala lino lipitenso ku komiti ya Thumba lisanafike Lachiwiri, kuti anthu makumi atatu ndi mmodzi aja asalangidwe chifukwa cha dzanja langa. Ngati ntchito yanga ithere pamenepa, ndikupempha andilole ndimalize kumanga mabuleki a nambala 3 ndi nambala 10, chifukwa sanagwire bwino ndipo eni ake amakhala kumtunda.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi, ndipo sindinabisepo kanthu. Andiwerengera zonse, ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Siginecha ya mboni: ______________________ Sipoko, wokonza njinga

Wolemba umboni: ______________________ wapolisi wa pa kauntala