Uthenga wa Bambo Nahipa Unazungulira Masiku Atatu

Malemu bambo Fanuelo Nahipa, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 1941 m'mudzi muno mwa Khuruwe, mfumu yaikulu Mwambo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, atasenza mphasa ndi makasu. M'banja la ana asanu ndi mmodzi iwo anali achitatu, ndipo ndiwo anatsala okha.

Sukulu anayamba mu 1950 ku mishoni, nalekezera Sitandade 6. Mu 1961 analembedwa ntchito yokonza mawaya a lamya ku Zomba, ndipo anaigwira mpaka kupuma mu 1988. Mu 1966 anamanga banja ndi mayi Mary, awo akhala pafupi ndi bokosiwo. Malemuwa anali munthu wosapirira ntchito yaulesi. Izi sitibisa, ena mwa inu munalawapo lilime lawo.

Mu 1994, kolera itatha anthu kugombe la nyanja, bungwe lina la zaumoyo linabweretsa mawailesi asanu ndi awiri olankhulirana, poti kuno lamya kulibe. Mawailesiwo anali ofooka. Iliyonse inkangomva anzake awiri kapena atatu oyandikana nayo, ndipo imodzi yokha, ya paphiri la Mpyupyu, ndiyo inkafika ku ofesi ya bungwelo ku Zomba, kumene kunkakhala galimoto yonyamula odwala. Choncho uthenga unkayenda mopatsirana, wailesi iyi kupatsa iyo, mpaka paphiri. Amene anakonza kayendedwe kake ndi malemuwa.

Anakhazikitsa kudzutsana. M'mawa uliwonse wosunga wailesi ankaitana anzake, kunena amene akuwamva, nalemba m'kope kuti njira yaifupi yopita ku Zomba lero ikudzera kwa yani. Mnzanu akakhala chete masiku awiri, mumufufute m'kopemo ndipo muuze ena onse. Uthenga uliwonse unkapatsidwa nambala, kuti ukabweranso kwa inu kachiwiri mudziwe kuti wasochera, mutume munthu panjinga. Mu 1995, nyanja itauma, asodzi atabalalika ndi mawailesi awo, njira zinkasintha sabata iliyonse, koma palibe uthenga umene unatayika. Pano pali amayi amene anakachirira kuchipatala chifukwa cha makope amenewo. Akudzidziwa okha.

Mu Meyi 1997 komiti ya mawailesi inasankha wapampando watsopano, bambo Jameson Likhutu. Ali pomwe pano, pampando wakutsogolo, ndipo tawapempha dala kuti amve. Iwo anafuna kuti mawailesi azikhala m'nyumba za anthu aulemu wawo. Malemu anakana, nati wailesi imakhala pamene ikumva bwino, sisankha khonde la simenti. Komiti inawachotsa malemuwo pa ntchito ya mawailesi, inati akalamba ndipo ngamwano. Wailesi ya m'mudzi muno inasamukira kunyumba kwa wapampando. Kudzutsana kunathetsedwa, eti kumatha mabatire. Manambala nawonso anawasiya, eti ndi za kusukulu. Malemu analemba makalata awiri ochenjeza komiti, onse sanayankhidwe. Kuyambira pamenepo ankangodzuka m'mawa n'kukhala pakhonde, nthawi yodzutsana ikakwana n'kuyang'ana wotchi yawo, kenako n'kutenga khasu kupita kumpunga.

Lachiwiri pa 10 Febuluwale chaka chino cha 1998, malemu anadwala m'mimba mwadzidzidzi. Mimba inatupa, akusanza, osatha kuimirira. Mvula inali itadula msewu, maminibasi atasiya kuyenda, koma galimoto ya bungwe ija imadutsa m'matope oterowo. Mwana wawo Ruth anathamangira kwa wapampando, uthenga unatumizidwa ku Kachulu m'mawa womwewo. A ku Kachulu anaupereka ku Likangala. A ku Likangala anaitana paphiri, kuli zii.

Anthu inu, wailesi ya paphiri inali itafa masabata awiri. Batire lake bambo Likhutu analitenga kukaimbira nyimbo paukwati wa mphwawo, osalibweza. Palibe wosunga wailesi wina kunyanja kuno amene ankadziwa, chifukwa kudzutsana kunatha. A ku Likangala anatsegula kope lakale la chaka chatha, napeza kuti a ku Chisi nthawi zina amamva paphiri, n'kuwapatsa uthengawo. A ku Chisi analephera, naupereka ku Kachulu poganiza kuti kumeneko adziwa njira. A ku Kachulu, poona uthenga wopanda nambala, anayesa ndi wodwala wina, n'kuuperekanso ku Likangala. Unazungulira choncho Lachiwiri, Lachitatu, ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo.

Ife kunyumba tinkafunsa, n'kumauzidwa kuti uthenga wapita, galimoto ili m'njira, wodwala musamusunthe. Tinamvera. Tikanawanyamula tsiku loyamba lija, Lachitatu akanakhala m'manja mwa madokotala. Bambo Likhutu ankadutsa pakhomo pathu masiku onsewo, kupereka moni, akudziwa kumene kuli batire.

Lachinayi m'mawa Ruth anapitanso kukafunsa. Ali pomwepo wailesi inalira, a ku Kachulu akufunsa ngati kuno tikudziwa njira ina, chifukwa kuli bambo wina wodwala kwambiri amene uthenga wake wabwera kachisanu. Mwana anaimirira akumva za bambo ake omubereka ngati za mlendo. Atakawafotokozera, malemu sanachedwe kuzindikira. Ululu unali utawatha mawu, koma ananena kuti paphiri pafa, uthenga ukungozungulira, galimoto sibwera, tiwanyamule. Zimene wapampando ndi komiti yonse analephera kuona masiku atatu, munthu wotsala pang'ono kufa anaziona ali pamphasa.

Bambo Rashidi ndi asodzi anzawo anayi anamanga machira, nawanyamula m'madzi ofika m'chiuno. Sanafike nawo kuchipatala. Malemu anatsirizika masana a Lachinayi, pa 12 Febuluwale, pafupi ndi minda ya mpunga ya ku Likangala, mutu uli pamiyendo ya mayi Mary. Anali ndi zaka 56. Ife a banja tili ndi mkwiyo, ndipo sitiuphimba ndi nyimbo za maliro. Matenda ndi a Mulungu, koma masiku atatu aja ndi a anthu.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Mary, ana anayi, Ruth, Fanny, Aubrey ndi Sophia, ndi zidzukulu zisanu ndi zinayi.

Tikuthokoza bambo Rashidi ndi anzawo, amene si a mpingo wathu koma anasenza m'bale wathu mpaka mapewa kutupa. Tikuthokoza amayi a chigwirizano, adzukulu okumba manda, ndi nonse amene mwagona nafe kuno. Nkhata ya maluwa imene komiti yabweretsa siikwera pamanda awa, eni ake abwerere nayo.

Tithokozenso dalaivala ndi namwino a bungwe lija, amene alibe mlandu. Bambo Likhutu atamva za imfa anabweza batire mwakachetechete, uthenga wa Ruth unakwera paphiri, n'kufika ku Zomba. Galimoto inafika pakhomo pano dzulo masana, namwino akufunsa kuti wodwala ali kuti. Ndiyo yatinyamulira bokosili kuchokera ku Kachulu.

Bambo Fanuelo Nahipa, mwatopa, gonani. Mzimu wanu uuse mu mtendere.