Makina Anga Anali Kuseri kwa Mpanda

Abale ndi alongo mwa Khristu, landirani moni wanga m'nyengo ino ya Adiventi. Ine ndine amake Tisa a ku Dambwa North kuno ku Livingstone, ngakhale kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene ndinataya mwamuna ndi katundu yense wa m'nyumba, n'kutsala pang'ono kutayanso ana anga awiri. Ndineneretu kuti m'nkhaniyi musayembekezere mayi wofatsa, chifukwa sindinali wotero.

Munali m'ma 1990, nthawi ija mafakitale a nsalu ankatsekedwa m'tauni muno. Bambo a Tisa ntchito itawathera, banja lonse linkadya za makina anga osokera, aja opukusa ndi dzanja. Ndinkasoka mayunifolomu a sukulu ndi madiresi a Khirisimasi, ndipo sitinagonepo ndi njala. Kenaka bambowo anadwala, ndipo mu Novembala anatisiya.

Mukudziwa mmene timachitira pamaliro. Katundu amatulutsidwa m'nyumba n'kukasungitsa kwa anansi kuti azimayi apeze pokhala. Ine wamasiye anandikhazika pakona, chitenje kumutu, osadzutsa maso, choncho sindinaone kuti chakuti chapita kwa yani. Titaika maliro, alamu anga a Gideoni, akulu awo a malemu, anayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa zonse n'kukweza pa lole. Anatenga mipando, bedi, wailesi, ngakhale mbaula yobooka. Nditalowa kuchipinda ndinapeza pamene pankakhala makina pali mbee. Potsazika anandiuza kuti, "Mlamu, mulibe chodyetsera anawa. Pa Nyuwere ndibwera kudzawatenga." Tisa anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, Yohane zisanu.

Adiventi inayamba ndili m'nyumba yopanda kanthu. Kutchalitchi anayatsa kandulo yoyamba n'kutiphunzitsa za kudikira Mpulumutsi. Kudikira! Ine ndinkawerenga masabata otsala kuti lole ija ibwerenso, wina n'kumandiuza kuti kudikira n'kokoma. Azimayi a mumphakati wathu wa kutchalitchi ankabwera ndi kaufa ndi nyimbo, Mulungu awadalitse, koma mawu oti "limbani mtima" ndinatopa nawo mpaka ndinkalakalaka kubisala ndikawaona pamsewu. Ndinafunsa ntchito yochapa m'mahotela, anati adzaza. Ndinayesa kugulitsa mango, koma mu Disembala ndani alibe mango pakhomo pake? Mapemphero anga anasanduka mkangano. Ndinkamuuza Mulungu kuti, mwatenga mwamuna ndavomera, nanga makina anakulakwirani chiyani?

Tsopano ndikuuzeni za ba Namakau, mayi wa Chilozi amene tinkalekana mpanda wokha. Tinatha zaka zitatu osapatsana moni. Abakha awo anandidyera repu yense m'kadimba kanga, ine ndinathyola mmodzi mwendo ndi tsache, ndipo mawu amene tinauzana tsikulo sindingawalembe pano. Maliro atatha ndinawamva kawiri konse akuitana pampanda kuti, "Amake Tisa!" Kawiri konseko ndinalowa m'nyumba n'kumenyetsa chitseko. Ndinkati abwera kudzaona mmene ndasaukira.

Sabata yachitatu ya Adiventi ndinapita kukalapa, koma kunena zoona ndinapita kukamunenera Mulungu kwa wansembe wake. Ndinakhuthula zonse. Bambo mfumu anamvetsera mpaka ndinatha mpweya, kenaka anandifunsa ngati pali munthu amene sindimupatsa moni. Ndinati alipo, koma nkhani yake ndi ina. Iwo anati ndipite ndikamupatse moni Khirisimasi isanafike, basi. Ndinatuluka ndikutukutira ndi ukali. Munthu ndikulira ana, iwo akundituma kwa mwini abakha! Akanati ndipemphere korona kakhumi ndikanachita mokondwa.

Ndinazengereza masiku anayi. Tsiku lachinayilo masana, dzuwa likuswa mtengo, ndinazungulira mpanda uja ndi nkhope yokwinya. Ndinakonza zoti ndinene "muli bwanji" kamodzi n'kubwerera. Ndinawapeza akutsuka mbale pampopi.

"Odi, ba Namakau. Muli bwanji?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kundiyankha m'Chinyanja chawo cha m'tauni. "Imwe amake Tisa, muli na mutu olimba maningi. Ngenani."

Sindinafune kulowa, koma anandigwira dzanja ndi thovu lawo lomwelo mpaka kuchipinda. Anagwada, n'kukoka bafa lochapiramo pansi pa bedi, n'kuvundukula bulangeti. Abale anga, anali makina anga, ndi kansalu kobiriwira kamene ndinasiya pansi pa singano tsiku limene bambo a Tisa anatsirizika.

"Ninaitenga siku ya malilo, ninaika mu bafa, pamwamba mapoto," anatero. "Ba mulamu banu banabwela kufunsa. Ninabauza ati ine na uja muzimai sitikambisana, olo mucele sitipasana. Bantu bonse banavomela ati ni zoona, bapita. Manje nikuitanani, imwe mumenyesa citseko. Nenze kuyopa kubwelesa, kapena muzanitaila manzi."

Ati ankaopa kuti ndiwathira madzi! Ndinangokhala pansi pomwepo. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira pamaliro, ndipo theka la misoziyo inali ya manyazi. Pa nyumba zonse za mumzere wathu, imeneyi yokha ndi imene a Gideoni sakanaikayikira. Udani wanga wopusa uja ndi umene Mulungu anafunditsa makinawo. Masabata onse aja ndinkamukalipira kuti wachedwa, pamene yankho lake linali mapazi khumi kuchokera pakhomo panga, likundiitana ndi dzina.

Panatsala masiku ochepa kuti Khirisimasi ifike, koma mbiri inamveka kuti amake Tisa ayambanso kusoka. Ndinasoka nditakhala pamphasa, makina ali pa kampando ka ba Namakau, iwo akundisokerera mabatani ndi kundinyoza kuti ndimadula nsalu ngati ndikukangana nayo. Madiresi atatha, anabwera a mayunifolomu.

A Gideoni anabweradi pa Nyuwere. Anapeza mayunifolomu ali ndandanda pachingwe, ana akudya, azimayi a mumphakati atakhala pakhonde, ba Namakau atatsekereza pakhomo ngati mlonda. Maso a alamu anga anagwera pa makina. Asanatsegule pakamwa, ba Namakau anati, "Ni yanga iyo, ninabweleka cabe aba." Bodza limenelo anakalapa okha kutchalitchi kwawo, ine sindinawatsutse. Alamu anga anamwa tiyi, anafunsa za mvula, n'kukwera basi okha. Tisa ndi Yohane anakulira m'manja mwanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipirira pamene ine sindinamupirire. Sanadikire kuti ndikhale munthu wabwino kuti andiombole. Anandiombola ndili wolusa, kudzera mwa munthu amene ndinkamutemberera. Inu amene Adiventi ino yakupezani mukulira, sindikuuzani kuti kudikira n'kokoma, chifukwa kumawawa ndithu. Koma musaleke kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala lokangana ngati langa. Ndipo musanamunene Mulungu kuti wachedwa, kaoneni kaye ngati palibe chitseko chimene mwamenyetsa nokha.

Ba Namakau akadali kuseri kwa mpanda, ndipo abakha awo akudyabe repu wanga mpaka lero. Tsache ndimaligwira, kenaka ndimalibweza pamalo pake.