A Yesaya Namakhwa ndi Mtengo wa Kuphiri

Malemu achimwene anga, bambo Yesaya Namakhwa, anabadwa pa 9 Juni 1957 kwa Mphuka. Tinabadwa atatu: iwo, achemwali athu a Sellah, ndi ine Crispin, mwini malole aja mumawaona pa Luchenza.

Sukulu analekezera sitandade 6 mu 1971. Chaka chomwecho amalume athu anawatengera kuphiri kukawasonyeza mtengo wa mankhwala a mutu. Kwathu mankhwala otere amalume amapatsa mwana mmodzi yekha wa mlongo wawo. Ine, wochangamuka m'banja lonse, anandisiya ndikudyetsa mbuzi.

Mu 1979 anayamba ntchito yothyola tiyi kuesiteti, mu 1982 anamanga ukwati woyera ndi mayi Lizzie a kwa Goliati, ndipo mu 1994 anakhala kapitawo. Nthawi yonseyo ine ndinali paulendo: Joni, Dar es Salaam, Dubai! Koma ndikabwera nditatchena, anthu ankangondipatsa moni n'kundifunsa njira ya kwa achimwene.

Mu 2021 kunabwera akatswiri a kuyunivesite kudzapempha makungwa a mtengo uja. Anati m'makungwamo muli zinthu zimene mwina zingachepetse kutupa kwa ubongo, ndipo akuziyesabe mpaka lero. Malemu anaitanidwa kumsonkhano ku Lilongwe, holo yonse inawaombera m'manja itaimirira. Suti imene anavala tsikulo inali yanga.

Ndinawapempha kuti mankhwalawo tiziika m'mabotolo, ine ndizikagulitsa kunja. Anakana. Anati mitengoyo yatsala yowerengeka, amalonda akangoidziwa adzaisenda mpaka kuuma.

Anayamba kudwala mtima mu Januwale chaka chino. Mu Epulo anandipempha kuti ndiwaperekeze kuphiri pa galimoto yanga. Ndinati eya, nthawi yanga yakwana! Titafika m'munsi mwa phiri anatsika atatsamira paphewa la mayi Teleza, mwana wa a Sellah, amene tinali nawo paulendowo, n'kundiuza kuti ndidikire m'galimoto. Ndinadikira. Anatisiya pa 3 Meyi ali kuchipatala.

Tsono inu amene mwayamba kuzungulira kwa mayi Teleza ndi timapaketi ta shuga, mvetsani: chimene sanandionetse ine, inu simudzachiona. Amene afuna mtengowo ayambe wadutsa pa ine.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza a mpingo, adzukulu okumba manda, anzawo a kuesiteti ndi amayi amene agona pano chiyambireni maliro.

Achimwene, apanso mwanditsogolera. Mzimu wanu uuse mumtendere.