Bolodi Inkapsa Pampu Ikamazima

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine Mphande wa pa Chintheche, ndimakonza mawayilesi ndi zasola. Ndikuuzeni za mbande za mpunga zimene zinatsala pang'ono kufera m'manja mwanga.

Amayi a kumpingo kwathu ali ndi nazale ya mpunga kudambo, kutali ndi nyumba zawo. Anandipempha kuti pampu yawo ya sola iziyaka ndi kuzima yokha. Ndinagula kabolodi kolamula pampu, ndipo posankha ndinangoona kuti kali ndi potulukira magetsi pambiri. Pakati pa kabolodiko ndi pampu ndinaika rileyi ya galimoto, chifukwa kuno ndi imene timaipeza mosavuta kwa amakanika. Rileyi ili ngati switchi, koma imakokedwa ndi koyilo ya waya m'kati mwake.

Zinagwira, amayi nkululutira. Sipanatenge nthawi, kabolodi kanapsa. Ndinaika kena, nakonso kanapsa.

Kunali kutentha kwa Okutobala. Amayi anabwerera ku zidebe, ena a iwo okalamba, koma madzi a pamutu sankakwanira. Mbande zinayamba chikasu, nthaka nkung'ambika. Mayi Chirwa, mtsogoleri wawo, sanandikalipire. Anangoti, "Ada Mphande, tidzawokeranji chaka chino?" Ena anayamba kunena kuti malowo alodzedwa. Kutchalitchi ndinkakhala kumbuyo, nyimbo osaimba. Ndinkapemphera, koma kunena zoona ndinali nditasiya kuyembekezera yankho.

Tsiku lina kumalo anga a ntchito kunabwera bambo Kachingwe, a ku Zomba, amene amakonza mafiriji a katemera m'zipatala. Ankafuna kugula fyuzi basi, kawaya koteteza zipangizo magetsi akachuluka. Ataona mabolodi opsa pathebulo anafunsa, "Achimwene, amapsa pampu ikamayaka kapena ikamazima?"

Ndinaganiza kaye. Nthawi zonse inali ikamazima.

Anandifotokozera kuti koyilo ukaidula magetsi imabweza mphamvu yaikulu m'mbuyo, ndipo bolodi yanga inapangidwira timagetsi tating'ono, osati makoyilo. Posankha ndinayenera kufunsa mphamvu imene potulukira magetsi paliponse pangapirire. Anatulutsa m'chikwama bolodi yokhala ndi matiranzisita olimba, tizipangizo totsegula ndi kutseka magetsi, yolekanitsa magetsi a koyilo ndi a kabolodi kolamula. Tinakaiika ku pampu, ndipo pa koyilo tinalumikizapo dayodi yomeza mphamvu yobwererayo. Anakana kuti ndiwalipire.

Pampu ikuyenda mpaka lero. Koma sindikunamizani: mbande za kumtunda kwa nazaleyo zinali zitafa kale, ndipo mabanja ena anawokera theka la munda. Zimenezi zimandiwawabe. Za kumunsi zinatsitsimuka, amayi nkugawana pang'onopang'ono kuti aliyense awokereko.

Ndikuthokoza Mulungu amene anatuma munthu pamene chikhulupiriro changa chinali chitauma. Inu amene mwatopa, musatseke chitseko. Mthandizi wanga anabwera kudzagula fyuzi.