Khanda linagona kuseri kwa tayala langa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Yesu. Sindinazolowere kuima kutsogolo kuno, ndiye ndikalankhula mokhadzula mundikhululukire. Ndabwera ndi umboni, ndipo ndiunena mmene zinachitikira.

Ine anandilanda sukulu. Bambo atamwalira ndili Fomu 2, abale awo anabwera n'kutenga bwato, maukonde ndi njinga. Ine ndinatsala ndi yunifomu. Kuchokera tsiku limenelo ndinadziuza kuti palibenso munthu adzandisunthe pamene ndaima. Ambiri muno mukundidziwa. Ena ndinakutukwanani pamsika, musachite ngati mwaiwala.

Ndinayamba ndi kusenza matumba pa chigayo cha mpunga pa Boma, kenako kutsuka malole, kenako ndinapeza laisensi. Mwini chigayo anandipatsa lole yoti ndiziyendetsa. Kupita kutsogolo ndinkatha. Kubwerera m'mbuyo mtunda wautali ndinkaopa, koma sindinauzepo munthu.

Chaka chatha, nthawi yokolola, ananditumiza ku Chia kukatenga mpunga. Amene mumalima kumeneko mukuudziwa msewu wa m'dambo uja. Ndi wa galimoto imodzi, uku ngalande, uku ngalande, mtengo palibe ndi umodzi womwe. Ndili pakati penipeni, lole yanga yopanda kanthu, ndinakumana ndi lole ina yodzaza matumba mpaka pamwamba. Woyendetsa anali bambo wachikulire wovala chisoti choyera, a Saidi.

Lamulo lathu madalaivala ndi lodziwika: wopanda katundu ndiye amapatuka. Wolemedwa akayandikira m'mphepete, dothi limagumuka. Komanso malo otakata opatukirapo anali kumbuyo kwanga, kutalika ngati bwalo la mpira. A Saidi anatsika n'kundiuza zimenezi mofatsa, akunditchula kuti mwanawe. Ine ndinawayankha kuti mwana wawo ali kunyumba kwawo, ndipo ngati afulumira abwerere okha.

Abale, tamvani chimene ndinachita. Ndinazimitsa injini n'kunena kuti galimoto yafa. Ndinazula mabango ndi udzu n'kuyala pamsewu kumbuyo, monga timachitira galimoto ikawonongeka kuti anthu adziwe. Ndinatulutsa sipanala n'kumagogodagogoda pa batire. Bodza lokhalokha. Ndinkafuna mkuluyo atope.

Sanatope. Anatunga madzi m'ngalande, anasamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, anayala thumba pamsewu n'kuswali. Atamaliza anakhala pa sitepe ya lole yawo n'kumasenda chinangwa. Anandiitana kuti tidye. Ndinakana.

Dzuwa linafika pamutu. Ola linatha, lachiwiri linayamba. Anjinga ankadutsa mokankha, akutinyoza tonse awiri. Wotopa ndinali ine. Mtima unandiwira, ndinataya sipanala m'galimoto, ndinakwera n'kuliza injini. Galimoto yakufa ija inalira kamodzi kokha, ndipo anyamata amene ankamweta mpunga chapafupi anaseka. Kusekako kunandipweteka kuposa dzuwa. Ndinati ndibwerera ndi liwiro lonse, ikagwera m'ngalande igwere.

Ndinayang'ana pa galasi lakumanja, msewu woyera. Lakumanzere, woyera. Ndinaponda kilachi n'kukankha giya ya livesi.

Inakana.

Mundimvetse bwino, amayi ndi abambo. Lole imeneyo ndaiyendetsa miyezi yambiri. Giya ya livesi imalowa ndi zala ziwiri. M'mawa womwewo inalowa pa chigayo. Koma pamenepo inangokukuta mano. Ndinayesanso, inakukutanso. Ndikuyesa kachitatu, ndinaona dzanja lalowa pawindo n'kugwira chiwongolero. Anali a Saidi.

"Zimitsa kaye, mwanawe. Tsika, uizungulire."

Ndinawauza kuti ndaona kale pa magalasi, andichokere.

"Galasi siliona kunsi kwa bodi. Galimoto imene yaima nthawi yotere sungaibweze usanaizungulire ndi miyendo yako. Ukanditukwana unditukwane, koma tsika."

Sindidziwa chimene chinanditsitsa. Ine sindimvera munthu, mukudziwa. Koma ndinazimitsa, ndinatsika, ndinayenda mokwiya kutsata bodi. Nditafika kumbuyo ndinawerama.

Kuseri kwa matayala akumanzere, mumthunzi, panali chitenje choyala. Pachitenjepo panagona khanda. Kamwana kakakazi, mikanda m'chiuno, chala kukamwa. Kuchokera pa tayala kufika pamutu pake, chikhatho changa ichi chikanakwana kawiri basi.

Ndinakhala pansi pafumbi.

Kenako ndinamva mfuwu. Mayi wina ankathamanga m'munda, chikwakwa m'manja, akugwa n'kudzuka m'matope. Anali atayamba kukuwa pamene injini inalira, koma ine sindinamve. Atafika anakwatula mwanayo n'kumamugwiragwira paliponse, miyendo, mutu, mimba. Mwanayo ndi pamene anadzuka n'kuyamba kulira.

Ndinafuna kuwakalipira mayiwo, chifukwa ndicho ndimadziwa. Ndinawafunsa kuti munthu wamutu angagoneke bwanji mwana kunsi kwa lole. Iwo analoza mabango aja pamsewu.

"Si mwaika nokha awa, achimwene? Ndimati yafa. M'dambo muno mthunzi ndiupeza kuti?"

Mabango ndinazula ndine. Bodza langa ndi limene linamugoneka mwanayo pamenepo.

Ndinawafunsa a Saidi ngati anamuona mwanayo. Anati ayi. Pamene anakhala sakanatha kuona kumbuyo kwa lole yanga. Anati iwo amazungulira galimoto nthawi zonse, ngakhale aime pang'ono kugula nthochi, ndipo masiku ambiri sapezako kanthu. Tsiku limenelo anangoona mnyamata wokwiya akulimbana ndi giya, n'kunyamuka.

Abusa, ine sukulu sindinamalize, koma izi ndaziganiza kwambiri. Giya ikanalowa koyamba, a Saidi akanakhala asanadzuke pa sitepe. Ikanalowa kachiwiri, akanakhala ali pakati pa njira. Inakana kawiri, ndendende nthawi yoti munthu wachikulire ayende kuchoka pa lole yake kufika pa yanga. Ndinakaionetsa kwa makaniko. Anaitsegula, anati ilibe vuto. Mpaka lero sinakanenso. Ndani anagwira chitsulo chimenecho? Ine ndinali ndisanapemphere zaka zinayi. Sindinamuitane Mulungu m'dambomo. Anabwera yekha, n'kutumanso munthu amene ndinali nditangomunyoza.

Pamenepo ndinaulula kwa a Saidi, anthu onse akumva, kuti kubwerera mtunda wautali sindimatha. Sanaseke. Anachotsa mabango aja, anakaima kumbuyo chakumanja pamene ndikanawaona pa galasi, n'kundiuza kuti akangosowa pa galasipo ndiime. Ndinabwerera pang'onopang'ono ngati nkhalamba ya ndodo, iwo akukodola ndi dzanja, kumanja pang'ono, wongola, bwera. Giya ija inalowa ndi zala ziwiri. Titafika potakata ndinapatuka, iwo anadutsa ndi katundu wawo, analiza hutala kamodzi n'kumapita.

Sindinasanduke mngelo. Ndimapsabe mtima, dzulo lomweli ndakangana ndi wakabaza pa mlatho. Koma ndikakumana ndi mnzanga pothina, ndimayamba ndine kufuna popatukira. Ndipo ndisanabwerere m'mbuyo ndimatsika. Anzanga pa chigayo amandiseka kuti ndikusaka ndalama yotayika kunsi kwa galimoto. Aseke.

Sabata yatha ndinadutsanso ku Chia. Mayi aja anali m'mphepete mwa msewu, anandizindikira, anandiimitsa. Kamwana kaja kayamba kuyenda. Kanagwira chala cha amake, kakudzandira, kakuyang'ana lole ndi maso aakulu. Ndinalephera kutsika. Ndinangogwira chiwongolero n'kumalira ngati mwana.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanalole kuti ndikhale wopha munthu. Mukamapemphera muwakumbukire a Saidi. Ine kuimba sinditha, ndiye a kwaya yambitsani inu, mpingo wonse uime tikondwere limodzi. Mwana uja ali moyo, akuyenda ndi miyendo yake. Amen.